Kompyuta ili pamaso panga, koma dzina lake likuloza kwina

FUNSO

Bambo mlembi,

Ndimagwira ntchito ya zandalama pa ofesi ya bungwe lina la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Dedza boma. Popeza ndine ndinaphunzirako pang'ono za makompyuta, chilichonse chikavuta amaitana ine. Tili ndi seva imodzi ya Windows Server 2016 imene mnyamata wina anatiikira zaka zapitazo, makompyuta 9 a Windows, malaputopu awiri a Ubuntu amene anabwera ndi anzathu a pulojekiti, MacBook ya abwana, mapulinta awiri, komanso mafoni a aliyense pa Wi-Fi. Rauta tinagula ina chaka chatha, yakale itapsa ndi mphenzi.

Pulogalamu yathu ya zandalama imakhala pa kompyuta yotchedwa AKAUNTI1, ndipo enafe timaifikira ndi dzina limenelo. Masiku ena zimayenda bwinobwino. Masiku ena imati AKAUNTI1 sikupezeka, pomwe kompyutayo ili pamaso panga, yoyaka. Dzulo ndinalemba ping AKAUNTI1 pa kompyuta yanga, lamulo loyesa ngati kompyuta ina ikuyankha, inandipatsa adiresi yake ya pa netiweki, 192.168.1.54. Nditapita pa AKAUNTI1 yeniyeniyo n'kulemba ipconfig, lamulo loonetsa adiresi ya kompyutayo, inati 192.168.1.71. Malaputopu a Ubuntu sanapezekepo ndi dzina ngakhale tsiku limodzi. Zimanyanya magetsi akazima n'kuyakanso. Mnyamata anatiikira uja sakupezekanso pa foni. Anzanga akuti tingolemba adiresi yokhazikika ndi manja pa makina onse, nkhani ithe. Ndichite zimenezo?

Mayi wa ku Dedza boma

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kulemba manambala awiri aja, 54 ndi 71, chifukwa ndi amene aulula matendawa. Ambiri amangondilembera kuti netiweki yafa, ndipo ndimasowa poyambira. Maganizo a anzanu aja musawatsatire. Vuto lanu lili ndi mankhwala ena, ndipo mungathe kuchita nokha Loweruka limodzi, ofesi ili yopanda anthu.

Ine ndinakulira ku Lizulu, ndipo amayi anga ankagulitsa kabichi ndi tomato pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1 uja. Pamsika pamakhala ntchito ziwiri zimene anthu amaziona ngati imodzi. Pali amene amakulozera kuti lero yala apa. Palinso amene amadziwa kuti uje wayala pati, yemwe wogula wotsika m'minibasi amamufunsa. Pa netiweki, wolozera malo ndi DHCP, imene imabwereketsa adiresi kwa masiku owerengeka. Wosunga kaundula wa maina ndi DNS. Ziwirizi zinapangidwa padera, ndipo pazokha siziuzana kanthu. DNS ndi yakale, ya m'ma 1980, nthawi imene makompyuta sankasuntha ndipo kaundula ankalembedwa ndi manja. Njira yoti makina azisintha okha kaundulayo inabwera mu 1997, m'chikalata chotchedwa RFC 2136, ndipo Microsoft inailowetsa m'makina ake kuyambira pa Windows 2000. Kwa inu, AKAUNTI1 yasamukira pa malo 71, koma m'kaundula mudakali 54. Palibe amene anakanena.

Ndikuikayikira kwambiri rauta yanu yatsopanoyo. Pafupifupi rauta iliyonse imachoka m'sitolo DHCP yake ili yoyatsa. Yakale ija mwina anali ataizimitsa amene anakuikirani seva, koma yatsopanoyi palibe anaikhudza. Ndiye muli ndi olozera malo awiri pamsika umodzi. Magetsi akabwera, rauta imadzuka m'kamphindi kochepa, pomwe seva imatenga mphindi zingapo. Kompyuta imene yayatsidwa msanga imafuula kupempha adiresi, ndipo imatenga kwa amene wayankha. Rauta ikayankha, imaperekanso adiresi yake yomwe ngati DNS. Kompyuta ya Windows ikafuna kulembetsa dzina lake, imayamba yafunsa DNS imene yapatsidwa kuti mwini kaundula wa domain yathu ndani. Domain ndi gulu la makompyuta olembetsedwa pa seva yanu pansi pa dzina limodzi. Rauta siidziwa domain yanu, choncho kulembetsako kumafera pomwepo, mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse pa sikirini.

Musanakhudze chilichonse, tsimikizani kaye. Pitani pa makompyuta anayi kapena asanu, kuphatikizapo AKAUNTI1, lembani ipconfig /all, ndipo yang'anani mizere iwiri: DHCP Server ndi DNS Servers. Lembani papepala zimene mwapeza. Ngati ena akuonetsa adiresi ya seva, ena ya rauta, mwagwira wakuba ali m'munda. Lowani mu rauta, zimitsani DHCP yake, musiye seva yokha igawe. Wi-Fi ipitiriza kugwira ntchito, chifukwa rauta ingodutsitsa mapempho kupita kwa seva.

Kenako pa seva tsegulani DHCP, mulowe mu Scope Options. Scope ndi mndandanda wa maadiresi amene seva imagawa. Nambala 003 ikhale adiresi ya rauta. Nambala 015 ikhale dzina la domain yanu. Nambala 006 ikhale adiresi ya seva yokha basi. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, musaonjezerepo 8.8.8.8 ya Google ngati yachiwiri, ngakhale wina atakuuzani kuti ndi yothandiza seva ikazima. Windows ikatembenukira kwa yachiwiriyo imatha kukhala komweko kwa kanthawi, ndipo Google sidziwa kuti ku Dedza kuli kompyuta dzina lake AKAUNTI1. Malo oyenera a 8.8.8.8 ndi mu DNS ya seva, pa tsamba la Forwarders. Makina onse azifunsa seva, ndipo seva izikawafunsira kunja maina a pa intaneti.

Tsopano nkhani ya amene alembe m'kaundula. Mwachizolowezi, kompyuta ya Windows imalembetsa yokha dzina lake, chimene chimatchedwa A record, pomwe seva ya DHCP imalemba mbali yobwerera, yochoka pa nambala kupita ku dzina, yotchedwa PTR. Awiriwa amagwirizana za amene achite chiyani kudzera mu kauthenga kakang'ono kotchedwa option 81. Koma ngati zone yanu, gawo la kaundula losunga maina a domain yanu, ili pa Secure only, monga iyenera kukhalira, kaundula amalola okhawo amene ali mamembala a domain. Ubuntu, MacBook ndi pulinta si mamembala. Zimangotchula dzina lawo popempha adiresi, n'kuyembekezera kuti wina awalembera. Ichi n'chifukwa chake malaputopu anu awiri aja sanaonekepo. Anthu ambiri akafika apa amatsegula zone kuti ikhale Nonsecure and secure. Zimagwiradi, koma mwatsegula chitseko choti mlendo aliyense wa pa Wi-Fi alembe chimene akufuna m'kaundula, ngakhale kulanda dzina la AKAUNTI1. Pa ofesi yosunga ndalama za alimi sindingavomereze zimenezo.

Njira yabwino ndi kuuza seva ya DHCP kuti izilembera aliyense. Dinani kumanja pa IPv4, sankhani Properties, mupite pa tsamba la DNS. Chongani Enable DNS dynamic updates, musankhe Always dynamically update DNS records. Chonganinso Discard A and PTR records when lease is deleted, kuti wochoka azifufutidwa. Pansi pake pali bokosi lina lonena za DHCP clients that do not request updates, limene limatchula Windows NT 4.0 ngati chitsanzo. Ambiri amalidumpha poganiza kuti ndi la makina akalekale amene kulibenso. Limenelo ndiye la Ubuntu wanu ndi mapulinta. Lichongeni. Mukatero tsegulaninso Properties ya scope yeniyeniyo muone ngati tsamba lake la DNS likunena zomwezo, chifukwa za pa scope zimaposa za pamwamba.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiphunzira movutikira pa ofesi ina ku Ntcheu, kumene ndinataya masiku awiri ndikuzungulira pamodzimodzi. Cholembedwa chilichonse m'kaundula wotetezedwa chimakhala ndi mwini wake, ndipo ndi mwiniyo yekha amene angachisinthe. Ndiye seva ya DHCP iyenera kukhala ndi dzina lolembera. Pangani akaunti yatsopano mu Active Directory, momwe mumasungidwa maakaunti a domain, ya munthu wamba, yopanda mphamvu za administrator, pasiwedi yaitali yosatha nthawi. Bwererani ku Properties ya IPv4, tsamba la Advanced, dinani Credentials, muike akauntiyo. Popeza seva yanu ndi imodzi, ndiye kuti DHCP ikukhala pa domain controller pomwepo, seva yoyang'anira domain yonse. Popanda akaunti imeneyi DHCP imagwiritsa ntchito mphamvu za seva yonse, zimene zingasinthe cholembedwa chilichonse, ngakhale cha seva yomwe. Mukamawerenga za nkhaniyi mudzakumananso ndi gulu lotchedwa DnsUpdateProxy. Inu musalikhudze, ndipo domain controller musaiikemo.

Chimene chinandizunguza ku Ntcheu kuja ndi ichi. Nditakonza zonse, maina akale sankasinthabe. Eni ake anali makompyuta enieniwo, amene anadzilembetsa kale, choncho akaunti yatsopanoyo inkakanizidwa kuwakhudza. Inunso mudzakumana nazo. Tsegulani DNS Manager, mulowe mu zone yanu, mufufute maina a makompyuta a antchito okha, amene ali ndi tsiku m'danga la Timestamp. Dzina la seva musalikhudze, pamodzi ndi mafoda onse oyamba ndi kamzere kapansi, monga _msdcs, _tcp ndi _sites, chifukwa ndi amene amalozera makina kolowera mu domain. Musanafufute, jambulani sikirini ndi foni kuti mukhale ndi pobwerera. Kenako pa kompyuta iliyonse lembani ipconfig /release, ipconfig /renew, ndi ipconfig /flushdns. Mukadali mu DNS Manager, onani ngati pansi pa Reverse Lookup Zones pali 1.168.192.in-addr.arpa. Ngati palibe, ipangeni, apo ayi seva izilephera kulemba PTR nthawi zonse. Poyesa gwiritsani ntchito nslookup AKAUNTI1, osati ping. Ping imatha kupeza dzina kudzera m'njira zina zapambali n'kukunamizani kuti zili bwino, pomwe nslookup imafunsa kaundula mwachindunji.

Pa malaputopu a Ubuntu, lembani hostnamectl muone dzina la iliyonse. Makina obwera ndi pulojekiti nthawi zambiri amakonzedwa kuchokera pa chikombole chimodzi, ndipo onse amatuluka ndi dzina lofanana. Maina akafanana, awiriwo azilandana malo amodzi m'kaundula. Sinthani ndi sudo hostnamectl set-hostname, mupereke dzina lalifupi, lopanda mpata pakati. Ubuntu wa pa laputopu amatumiza kale dzina lake popempha adiresi, choncho mukazimitsa Wi-Fi n'kuyatsanso, dzinalo liyenera kutulukira pa seva pansi pa Address Leases. Lamulo la resolvectl status likuonetsani DNS imene laputopuyo ikufunsa. MacBook ya abwana dzina lake limasinthidwa pa Sharing. Ngati domain yanu imathera ndi .local, monga ambiri ankachitira kale, dziwani kuti Mac ndi Ubuntu amagwiritsanso ntchito mathero amenewo pa njira yawoyawo yopezerana yotchedwa mDNS, ndipo nthawi zina safunsa n'komwe seva. Musayese kusintha dzina la domain, imeneyo ndi ntchito yaikulu yoopsa. Mukaona zikuvuta mundilemberenso, mutchule mtundu wa Ubuntu umene muli nawo.

Pa tsamba la DNS lija muonanso batani la Name Protection, limene linabwera ndi Windows Server 2008 R2 pofuna kuletsa makina osakhala a Windows kulanda maina a anzawo. Ndi labwino, koma mukaliyatsa limatseka mabokosi amene tachonga aja, ndipo makompyuta a Windows amabwerera ku kudzilembetsa okha. Pa ofesi ya makina osakwana makumi awiri, pomwe inu mukudziwa kompyuta iliyonse ndi mwini wake, ine ndimalisiya losayatsa, n'kuteteza maina ofunika mwa njira ina.

Njira imeneyo ndi imenenso ikuyankha anzanu aja. Sakulakwa kwathunthu. AKAUNTI1 ndi mapulinta awiri siziyenera kusuntha, chifukwa aliyense amazifuna tsiku lililonse. Koma adiresi yokhazikika iperekedwe ndi seva, osati kulembedwa pa makinawo. Pansi pa Address Leases dinani kumanja pa AKAUNTI1, sankhani Add to Reservation, kuti seva iziipatsa adiresi imodzi yomweyo nthawi zonse. Chitaninso chimodzimodzi pa mapulinta. Kenako mu DNS Manager lembani nokha maina atatuwo ndi New Host. Cholembedwa ndi manja anu a administrator, akaunti wamba ya DHCP ija singachisinthe, ngakhale mlendo atabwera ndi laputopu ya dzina lomwelo. Mukati mulembe ndi manja pa makina onse, laputopu ya pulojekiti ikapita kumsonkhano ku Lilongwe kapena kwa alimi ku Bembeke ikakana kulumikiza Wi-Fi ya kumeneko. Tsiku lina wina adzapereka nambala imodzi kwa makina awiri. Ndipo inu mukadzapita ku tchuthi, chinsinsi chonse chidzapita nanu.

Mafoni ndiwo amadzaza zinyalala. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, foni imadzipekera adiresi ya MAC, nambala imene chipangizo chimadziwika nayo popempha adiresi, yosiyana pa Wi-Fi iliyonse, ndipo maina ake amangofanana, iPhone pano, iPhone apo. Palibe amene adzafune foni ya mlonda ndi dzina. Ngati rauta yanu ili ndi Wi-Fi ya alendo yokhala ndi manambala akeake, osati 192.168.1, mafoni onse apite kumeneko. Yesani kaye ndi foni imodzi mutazimitsa DHCP ija, chifukwa marauta ena amagwiritsa DHCP imodzi yomweyo ku mbali zonse ziwiri.

Kusesa maina akufa, kumene Windows imakutcha scavenging, musakuthamangire. Dikirani milungu iwiri zinthu zikhazikike. Seva imabwereketsa adiresi kwa masiku 8 ngati simunasinthe, ndipo kompyuta imakapemphanso ikafika pakati pa nthawiyo. Kusesako kumayambira pa masiku 7 ndi ena 7, kutanthauza kuti dzina liyenera kukhala chete masiku osachepera 14 lisanachotsedwe. Manambala amenewa amayenderana bwino, asiyeni momwemo. Kumayatsidwa malo awiri, pa batani la Aging la zone ndi pa tsamba la Advanced la seva ya DNS, ndipo mukayatsa pa malo amodzi okha palibe chimachitika. Maina olembedwa ndi manja alibe tsiku, choncho tsache siliwakhudza. Mukadzaona penapake lamulo la dnscmd /ageallrecords musalilembe, chifukwa limaika tsiku ngakhale pa maina okhazikikawo, ndipo pakapita masiku mudzapeza pulinta yasesedwa.

Za magetsi zindidetsa nkhawa kuposa zonse. Seva ya zaka zingapo imakhala ndi kabatire kakang'ono kozungulira, CR2032, kamene kamasunga wotchi makina akazima. Kakatha, seva imadzuka ndi tsiku lolakwika. Kerberos, imene imatsimikiza kuti wolowa mu domain ndi iyeyodi, imakana wotchi zikasiyana mphindi zopitirira zisanu, ndipo kulembetsa kotetezedwa kumadalira Kerberos yomweyo. Magetsi akadzazimanso, yang'anani wotchi ya seva ikangodzuka. Ngati yasokonekera, gulani kabatire kameneko, n'kotchipa. Pemphaninso abwana UPS, batire yogwirizira makina magetsi akazima, yoti igwire seva ndi switch, bokosi lolumikiza mawaya a netiweki. Auzeni anzanu kuti magetsi akabwera ayambe adikira seva idzuke. Wina akafulumira, kompyuta yake ikhoza kuonetsa adiresi yoyamba ndi 169.254. Imeneyo yadzipatsa yokha itasowa woyankha, ndipo imakhala ikuyesanso mphindi zisanu zilizonse. Mukafuna msanga lembani ipconfig /renew.

Ndikupemphani chimodzi, Mayi. Gulani kope la sukulu, mulembemo adiresi ya seva, ya rauta, ma reservation atatu aja, dzina la akaunti ya DHCP, ndi tsiku limene mwasintha chilichonse. Pasiwedi ikhale mu envelopu m'kabati ya abwana. Mukatha mundiuze zimene ipconfig /all inakuonetsani pa mzere wa DHCP Server.

FUNSO

Achimwene, ine ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kutaipa ku Ntcheu boma. Makompyuta ndi anayi, pulinta imodzi ya pa waya, seva ndilibe. Pulinta imasowa pafupifupi mlungu uliwonse mpaka ndiichotse n'kuiikanso. Kodi ndigule seva?

Mnyamata wa ku Ntcheu

YANKHO

Ayi achimwene, ndalama imeneyo mugulire tona ndi mapepala. Pulinta yanu ikungosintha adiresi, pomwe makompyuta akuifunabe pa yakale. Sindikizani tsamba la network configuration kuchokera pa mabatani a pulintayo, mupezapo adiresi yake ya MAC, ya zilembo ndi manambala 12. Lowani mu rauta, mufune pamene palembedwa Address Reservation kapena Static Lease, mumange MAC imeneyo ku nambala imodzi. Zimitsani pulinta n'kuiyatsanso, kenako muiike komaliza pa kompyuta iliyonse pogwiritsa ntchito nambala imeneyo. Ngati rauta yanu imayendera pulogalamu yotchedwa OpenWrt, mkati mwake muli kapulogalamu kotchedwa dnsmasq kamene kamagwira ntchito ziwiri zonse, kugawa adiresi ndi kusunga maina, moti dzina limalowa m'kaundula nthawi yomwe adiresi yaperekedwa. Pamenepo mutha kuiitana pulintayo ndi dzina.